Botolo Lachisanu ndi Chinayi

Lolemba, 12 Meyi

Tabwerako kuchipululu, pomwe panali nyanja ya Aral. Mabotolo a dothi makumi atatu ali m'firiji ku labu kuno ku Nukus. Chimfine chikundivutabe.

Koma za dzulo. Bambo ndi amene ankatilondolera njira, chifukwa kupitirira Moynaq galimoto imatitimira ukapanda kudziwa pouma. Masana anatiimitsa pamalo ena osaoneka bwino n'komwe, mchere wokhawokha. Anagwada, natapa dothi ndi manja, nalinunkhiza. Akuti, "Gulbahar, tenga apa. Ili ndi lamoyo."

Ndinakuwa. Pamaso pa Mayi Zamira, bwana wanga, ndi Marat amene timagwira naye ntchito. "Bambo, chotsani manja! Mwangochoka kogwira ngamila, mukutiwonongera ntchito!"

Anapukuta manja pa jekete, nakakhala m'galimoto. Ndinatapa pambali pang'ono pongofuna kuti nkhani ithe. Ndilo botolo la nambala 9.

Lachisanu, 16 Meyi

Mbale zomeretsera tizilombo zayamba kuonetsa. Zambiri zili ndi timadontho tiwiri titatu, monga dothi lamchere limachitira. Ya 9 yadzaza. Tachikasu, tofiirira, toyera ngati mafuta.

Marat anaikweza m'mwamba kuti onse aone. "Anthu inu, tapeza mtundu watsopano! Tiutche dzina la ngamila ya a Tilewbergen, bambo a Gulbahar." Onse anaseka. Inenso ndinaseka, mwina kuposa onse.

Madzulo ndinalemba "loipitsidwa" pabotolopo. Dothi lotsala ndinaliika m'makina a nthunzi ophera tizilombo, kenako m'bini. Sindinafunse munthu. Kachidutswa kake kanali katapita kale ku Tashkent ndi zinazo kokapimidwa.

Lamlungu, 18 Meyi

Amayi pafoni: "Iwe, wawatani bambo ako? Akungomwa tiyi n'kupita kukhola." Ndati ndi kutopa chabe.

Lachiwiri, 27 Meyi

Zotsatira zafika.

Mabotolo 3, 4 ndi 5 muli mabakiteriya a m'kamwa mwa munthu. Amenewa ndinadzaza ndekha m'mawa uja, nditatsitsa chophimba kukamwa chifukwa cha kuyetsemula. Palibe wina anayandikira.

La 9 mulibe za munthu, mulibe za ngamila. Mitundu makumi anayi ndi itatu, yonse yokonda mchere, isanu ndi iwiri makina alephera kuitchula dzina. Mayi Zamira anavula magalasi n'kuwerenganso. "Zaka khumi ndi ziwiri ndikukumba chipululu chimenechi. Gulbahar, tulutsa botolo lija tiyambe kulekanitsa."

Ndati ndikaliona mawa. Nkhomaliro sindinadye.

Lachitatu, 28 Meyi

Ndawauza Mayi Zamira. Ndinaima pakhomo pa ofesi yawo ngati mwana wa sukulu, ndipo ndanena zonse: bini, chimfine, 3, 4 ndi 5.

Sanakalipe, bola akanakalipa. Angofunsa kuti, "Manambala osonyeza malowo pamapu unalemba?" Sindinalembe. Ndinali nditakwiya, ndinangolemba "pa Bambo".

"Ndiye amene akudziwa ndi mmodzi," atero. "Juni akatentha timasiya maulendo mpaka Seputembala, ndipo mphepo ikhala itakwirira zonse. Pita kwanu."

Marat wandibweretsera tiyi. Naye akuyang'ana pansi.

Loweruka, 31 Meyi, Moynaq

Ndafika ndi basi ya m'mawa. Amayi anangoloza kukhola ndi chibwano.

Ndinawapeza akukama, mutu atautsamiritsa pamimba pa ngamila. Ndinapereka moni. Anayankha ngati akuyankha mlendo.

Mawu amene ndinakonza m'basi onse anathawa. Ndinangoti, "Bambo, dothi lija linali lamoyo. Amene anaipitsa mabotolo ndine. Lanu ndinalitaya."

Mkaka unapitiriza kulira m'ndowa. Osatembenuka, anafunsa: "Zilimo zingati?"

"Mitundu makumi anayi ndi itatu."

"M'kadothi kaja?"

"M'kasupuni kamodzi."

Apa anasiya kukama. Anati pamalo paja pansi pa nyanja pankatumphuka kasupe, nsomba zinkaunjikana pamenepo, ndipo agogo ankaponyapo ukonde Bambo ali ndi zaka khumi. Madzi atathawa ankapitabe kukangopaona. Mpaka pano dothi lake limanunkha chinyezi. "Ndinkafuna ndikuuze tsiku lija," anatero. "Sunandipatse mpata."

Ndinalira ngati chitsiru, ngamila ikundiyang'ana.

"Basi, basi, undithawitsira mkaka. Gwira ndowa iyi."

Ndinagwira. Anapita mbali ina ya ngamila, ndimangoona chipewa chokha.

"Tili ndi maso timeneti, tizilombo tako?"

"Ayi, Bambo."

"Miyendo?"

"Ayi."

"Ndiye takhala bwanji zaka makumi asanu popanda madzi, pamene ife theka la mudzi linathawira ku Kazakhstan?"

Ndati sitikudziwa, n'zimene tikufuna kufufuza.

"Hm. Uwauze Mayi Zamira abwere Lachiwiri, dzuwa lisanakwere. Ndi mnyamata woseka uja abwerenso. Fosholo adzanyamula ndi iyeyo."

Sindinawauze za kuseka kuja. Sindikudziwa anamva kwa ndani.