Tsitsi la Chawanangwa

Lachinayi. Kwazizira tsiku lonse, mtima nawonso uli zii.

Usiku wathawu sindinagone chifukwa cha mlongo wanga Chawanangwa, mnyamata yemwe wasiya kubwera kunyumba ndi kutchalitchi komwe. Ndiye lero ndinapita kukamufuna ku Masasa. Ndakulira mu Mzuzu momwe muno koma kumeneko ndinali ndisanapondeko. Alendo timangowaonetsa msewu waukulu basi.

Ndinatsetsereka m'tinjira tamatope pakati pa nthochi mpaka ndinamva nyimbo. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba ina, iye ndi anzake akuimba magitala a zigubu. Onse anali atavula zipewa, tsitsi lalitali loletsedwa ndi boma lija lili poyera. Mtsikana wina anavala thalauza, nalonso loletsedwa kwa akazi, chitenje atachipachika pachitseko kudikira potuluka.

"Adumbu, mlongo wanga, khalani pansi, pano palibe woluma," Chawanangwa anatero akuseka.

Ndinakhaladi. Mulungu andikhululukire, nyimbozo zinandikomera chomene, phazi langa mpaka kugunda pansi. Chimwalirireni bambo, mwanayu sindinamuonepo akuseka choncho.

Ndikutulukira kumsewu ndinakumana ndi a Gondwe, tcheyamani wa chipani kwathu kuno ku Chibavi.

"Mwatandala uli, mama? Munthu wa kwaya, ku Masasa? Lamulungu tikaweruka kutchalitchi mudzandiuze amene mumakamuonayo, ndi nyumba yake."

Ndinangoti yewo.

Ndikanena zoona, anyamata a chipani akamugwira, ndipo sizikathera pa kumeta. Ndikanama, ndichimwira pakhomo penipeni pa tchalitchi. Baibulo ndatsegula koma mawu sakulowa. Ambuye, mundiyankhe Lamulungu lisanafike: a Gondwe ndikawauze chiyani?