Hositing'i ya Chaka Chathunthu

Atate a Tamanda,

Ndathamangira ku Mphuka kukabweza alongo anga asanakwere bwato. Zovala zanu zili m'saka la nsomba kuseri kwa chitseko. Ndaikamo ndine.

Munaiwala foni m'mawa. Anaimba mkazi wina wa mawu okoma, dzina lake Elisa, nati: "Muwauze a Bonifasio kuti hositing'i ndiyamba mawa, ya chaka chathunthu. Dzina tinasankha kale limodzi, kwatsala homupeji."

Chizungu changa cha giredi seveni chinandiuza kuti mkaziyu adzakhala pakhomo pano chaka chonse, ndipo dzina la mwana lapezeka kale. Ndinaimbira alongo anga onse ndikulira.

Kenako ndinamuimbira iyeyo kuti ndimutukwane bwinobwino. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndiye akutipangira webusaiti yogulitsira nsomba zouma. Hositing'i ndi malo osungirako webusaitiyo pa intaneti, ngati shopu ya lendi kumaliketi. Dzinalo amati domeni, adiresi imene makasitomala azilemba potifuna. Homupeji ndi tsamba loyamba chabe, si nyumba yanga.

Pepani, bambo. Koma nanunso muziuza mkazi wanu zinthu.

Ku Mphuka netiweki yathawa, ndiye sakudziwa kuti mlandu watha. Ndikaphonyana nawo panjira, musatsegule chitseko. Muwafotokozere za domeni pawindo, makamaka a Simoni, amene anati abwera ndi nkhafi.

Elisa akufunanso chithunzi chanu choika patsamba loyambalo. Jambulitsani msanga, nkhope ikali bwino.

Ndine wanu yekhayo,
Amake Tamanda