Kiyi wa Holo Asabweze

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino kutali muliko, pamodzi ndi ana.

Sewero la ophunzira anga lija latheka, mtima wakhala pansi. Tsiku lake adokotala anandigoneka m'chipatala, choncho zonse anayendetsa mtsikana wosamva uja, amene aphunzitsi anzanga ankati sangatsogolere anthu. Pokonzekera anaphunzitsa gulu lonse kulankhula ndi manja, moti woyatsa magetsi ndi wokoka katani ankangoyang'ana zala zake.

Atabwera kudzandiona, ndinamufunsa ndi manja anga osazolowerawa ngati anandisowa. Anaseka, n'kuyankha kuti, "Anzanga akuti popanda inu kukalipa, kuseri kunali bata."

Zimene adokotala apeza tidzakamba pamaso, musauze amayi. Kiyi wa holo ndamuuza mtsikanayo kuti asabweze.

Ndine msuweni wanu.