Bokosi la kwa Sirkka silinapezekebe

AULIS RAUTIAINEN, 1947–2022

Ababa, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Makwerero anu akadali pakhoma la sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi kaja, pomwe munkawatsamiritsa. Amene amawanyamula tsopano ndi mwana wanu Outi. Amaopa, koma amakwera ndithu.

Munkadandaula kuti mitengo ya mphako inatha m'nkhalango za ku Kuhmo, nanga akadzidzi aziikira kuti mazira? Basi munawakhomera mabokosi makumi atatu ndi limodzi. Chaka chilichonse, chisanu chisanafike, munkakwera kuchotsa zinyalala, kuthiramo utuchi watsopano ndi kusintha madenga owola. Mapu munakaniratu kujambula poopa akuba mazira. Bokosi lililonse munangolipatsa dzina la wachibale, malo ake n'kusunga kumutu. La kadzidzi wolusa uja anakung'ambani khutu munalitcha kwa azakhali a Hilja, ndipo mukamafotokoza munkaseka mpaka khofi kutayikira pa buledi. Azakhaliwo anamwalira asanakukhululukireni.

Ababa, tili ndi mantha. Nkhalango ija yagulitsidwa. Makina odula mitengo alowa mu Epulo, nthawi imene akadzidzi amakhala akufungatira mazira. Odulawo alonjeza kuti mtengo womangidwa kansalu kofiira adzausiya pamodzi ndi ina yoyandikana nawo. Ife ana anu, Outi ndi mchimwene wake Tapani, tapondaponda chipale chofewa chofika m'mawondo mpaka tapeza mabokosi makumi atatu. Latsala limodzi, lija munkalitcha kwa Sirkka, dzina la amayi. Munkati lili pafupi ndi thanthwe limene munawafunsirapo mbeta, ndipo silinagonepo chaka lopanda anapiye. Malowo munkawadziwa awiri nokha, inu ndi amayi. Ife tikafunsa munkangotsinzina diso limodzi.

Ndiye amayi ayamba kuiwala. Sabata yatha anamuyang'ana Tapani n'kumufunsa kuti ndi mwana wa yani. Tawatengera kunkhalangoko katatu. Amaloza uku, kenaka uko, kenaka amangoti chilili. Ulendo womaliza anakana kubwerera m'galimoto, akuti akudikira inu, mwachedwa. Tikuopa kuti tsiku lina tidzamva makina akulira ife tisanafike, mtengowo n'kugwa ndi mazira omwe. Tikuopanso kwambiri kuti thanthwelo lachoka kale m'mutu mwa amayi, ndipo palibenso wina woti n'kumufunsa.

Kansalu kofiira komaliza kali m'thumba la jekete lanu, limene Outi amavala. Kwatsala milungu isanu. Ngati kumene muliko kuli njira, awonetseni amayi malowo ngakhale kamodzi kokha, ife tili pomwepo.

Njira aiwala, ife atiiwala, koma m'mawa uliwonse amayi amaika makapu awiri patebulo. Nafenso, Ababa, sitidzakuiwalani.

Akazi anu a Sirkka, ana anu Outi ndi Tapani.