Zaka za Abul-Hol ndi Ukwati wa Rehab

Lachisanu, 1 Novembala

Alendo abwera, apita. Wagdi, bambo ake ndi amalume ake, kudzapempha Rehab wathu. Ndinaphika mphika wa nkhuku, mpunga, nkhunda zinayi. Mwana chivalire kuyambira m'mawa.

Poyamba zonse bwinobwino. Mnyamata waulemu, nsapato zopukuta, ntchito ali nayo, amapima miyala kukampani ya simenti. Bambo a Rehab kumwetulira ndithu. Tinatsala pang'ono kuwerenga Fatiha, pemphero lomangira chinkhoswe, kuti nkhani itheretu. Basi amalume aja, pakamwa popanda loko, kuloza pawindo: "Wagdi, tawauza bambowa za Abul-Hol zija."

Abul-Hol! Mkango wamwala wa nkhope ya munthu umene umandiyang'ana ndikamayanika zovala padenga. A Desouki, amuna angawa, ausesa ndi kuumata ming'alu zaka 34 asanapume ntchito. Mkazi wawo wamkulu ndi umenewo. Ine wamng'ono.

Wagdi akuti mizere ya m'mbali mwa dzenje limene mkangowo ulimo inakumbidwa ndi mvula, osati mphepo. Mvula yotero kuno inagwa kalekale. Ndiye zaka 10,000, osati 4,500 zimene timadziwa tonse. Mwinanso anausema ndi anthu ena, mafumu athu asanabadwe.

A Desouki kuika kapu pansi. "Anthu ena ati?"

Fatiha sinawerengedwe. Nkhunda ziwiri zatsala.

Loweruka, 2 Novembala

Rehab maso otupa. Bambo ake akuti mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wolanda makolo athu thukuta lawo. Ine ndati mkangowo mphuno ulibe, mwana wofuna banja ulibenso, ausiye upume. Sanaseke. Ndaseka ndekha.

Koma chodabwitsa. Munthu amene chipumireni ntchito amangokhala pampando ngati thumba la anyezi, lero wameta ndevu, watulutsa makope ake akale a kuntchito, wadya mbale ziwiri za nyemba. Ndodo yoyendera yaiwalika kuseri kwa chitseko.

Lachiwiri, 5 Novembala

A Desouki akuti mnyamatayo abwerenso Lachisanu akachoka kumzikiti, abweretse ndi zida zake zopimira. Rehab wadumpha, wawapsompsona pamutu. Ine ayi. Kumwetulira kwa amuna angawa ndikukudziwa. Kawiri konse ndawapeza kuseri kwa nyumba akusisita chipupa cha khola la nkhuku, akung'ung'udza kanyimbo.

Magetsi anathima masana onse. Ndasita ndi mtima wokha.

Lachisanu, 8 Novembala

Mulungu andikhululukire, ndaseka mpaka nthiti kuwawa.

Wagdi wafika ndi kahamala ndi kagalasi kokulitsa zinthu. A Desouki kumutengera kuchipupa chija. Miyala yake ndi ya mtundu womwewo wa Abul-Hol, yodyekadyeka, mizeremizere ngati nthiti za mbuzi yowonda. Akuti, mwana wanga, iwe ndi katswiri, tandiuza zaka za chipupa ichi. Mnyamata kugogoda, kukanda, kununkhiza, mpaka kunyambita. Kenako molimba mtima: zaka mazana atatu, mwina anayi, madzi adutsapo ochuluka.

Kutukula maso, madenga onse anthu. Akuluwa anali ataitaniratu mzere wonse!

A Desouki mokweza: "Ndinachimanga ndi manja awa chaka chimene Rehab anabadwa. Ndiye kuti mwana wanga ali ndi zaka mazana anayi. Iwe ukufuna nkhalamba yotereyi?"

Chikhakhali mpaka kumsewu. Zoona zake ndi mchere wokwera ndi chinyontho, komanso madzi anga ochapira amene ndathira pamenepo zaka 26. Mvula yamakedzana ija ndine, Nawal, ndi beseni langa.

Koma Wagdi makutu psuu. Watsanzika mwaulemu, osadya. Rehab wadzitsekera kuchipinda. Kuseka kwanga kwathera pomwepo.

Lachitatu, 13 Novembala

Masiku asanu. Foni ya Rehab zii. Amapita kusukulu kukaphunzitsa, kubwera, kugona. Kudya ngati mpheta. Bambo ake akamulankhula, yankho ndi "chabwino, bambo." Bola akanatukwana.

Nawonso opambana aja nkhope yagwa. Lero tikusankha mphodza ndawafunsa kuti kodi zaka za mwala zikuwapwetekera pati. Anandiuza za manda a amisiri, kuchitunda cha kummwera kwa mapiramidi, kumene anakumba nawo ali anyamata. Mafupa a anthu wamba. Misana yopindika ndi katundu. Mkono wothyoka umene wina anaumanga bwinobwino mpaka kupola. Mitsuko ya chakudya pambali.

"Ndinanyamula msana wa munthu ameneyo m'manja mwanga, Nawal. Wopepuka ngati mtanga. Lero wina aziti anagwira ntchito ndi anthu ena?"

Zaka 30 m'banja, sanandiuzepo. Ndinamva chisoni, koma sindinawasiye. Ndati zimenezo mukanamuuza mnyamatayo, osati kumuvula pamaso pa anthu. Chipupa mwawina, mwana mwaluza.

Anangoweramira m'lichero. Mphodza anasankha bwino koma.

Loweruka, 16 Novembala

Amayi ake a Wagdi ndakumana nawo kogula buledi. Moni wouma. Akuti kwa mchemwali wawo kuli mtsikana wabwino, bambo ake ndi ogulitsa nsalu, za miyala sadziwa n'komwe. Ndamwetulira, ndayamikira mpango wawo.

Rehab sindinamuuze.

Lamulungu, 17 Novembala

Wagdi wabwera! Yekha, m'mawa, wopanda kahamala. Ine khutu pachitseko cha khitchini, Rehab kumbuyo kwanga wandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

A Desouki funso limodzi lokha: zaka zingati?

Mumtima ndikuti nena 4,500 mwanawe, nena basi, ngakhale unene zinayi! Koma ayi. "Za chipupa ndinalakwa, bambo, ndipo mwandiphunzitsa za mchere. Za Abul-Hol sindinakhutire. Nditanama lero kuti munditsegulire chitseko, mungandigwire mawa."

Rehab kulira chamumtima. Ine kufuna kumugenda ndi chikombe mnyamatayo. Kuuma mutu kofanana ndi akuluwa, ngati anabadwa mimba imodzi.

Kenako phokoso la mpando. A Desouki akuti tiye, ukaone anthu ena akowo. Atuluka awiriwiri kulowera kuchitunda cha manda, akuluwa patsogolo, kuthamanga ngati akukalandira mendulo.

Masana onse kulibe. Ndaphika, ndatenthetsa, ndatenthetsanso. Rehab padenga, maso kuchipululu.

Abwera dzuwa litapendeka, mchenga mpaka m'nsidze, akukanganabe. Koma Wagdi wawagwira pachigongono pokwera masitepe, ndipo sanamukankhe. Maso a mnyamata ofiira. Akuti ndi fumbi. Ndamva Wagdi akunena pakhomo kuti mawu oti anthu ena sadzawatchulanso, manja anali athu, chatsala ndi kuti liti. A Desouki akuti liti lake ndi lodziwika. Ayambiranso. Adya mbale imodzi akulozana ndi buledi.

Za ukwati palibe watchula. Mtima uli m'malere.

Lolemba, 18 Novembala

M'mawa ndikuthira tiyi, A Desouki maso pa nyuzipepala, ngati akunena za nyengo: ndigule zopangira sharubati, chakumwa chofiira chija cha pachinkhoswe, chokwanira mzere wonse. Fatiha Lachinayi.

Ketulo inatsala pang'ono kundigwa. Ndati kodi wavomera 4,500?

"Wouma mutu uja? Watsika kufika 7,000. Zaka 2,500 zatsalazo tidzamaliza ali m'banja. Lachisanu lililonse azibwera kudzadya, abwere ndi bodza lakelo."

Ndakwera padenga osavala n'nsapato zomwe, nthungululu mpaka nkhunda za aneba kubalalika. Mawindo kutseguka, akazi anzanga kuyankha. Rehab wawakumbatira bambo ake, onse awiri kulira, akuluwa akunamizira nthunzi ya tiyi.

Masabata atatu ndamenyera zimenezi. Ndiye nditatsika ndalowa kuchipinda kwa Rehab kukayala bedi, ndangopezeka ndakhala pansi ndi pilo wake m'manja. Bambo ake apeza mnzawo wokangana naye. Nanga ine ndizikasankha mphodza ndi ndani?

Rehab akundiitana. Akuti Lachinayi avale diresi yobiriwira kapena ya...