Mphindi Zitatu ku Indianapolis

South Bend, Indiana
14 Novembala 2024

Okondedwa achimwene a Lucious,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu kumeneko ku Zomba. Kuno kwayamba kuzizira, koma ine ndikutuluka thukuta ndi mkwiyo, ndiye mundipirire.

Ndamva kuti mwalengeza kutchalitchi konse kuti Kenan wanga azioneka pa TV. Musafulumire kuvina. Mpira wa kuno si wathu uja wa mapazi, uwu ndi wogundana mitu atavala zipewa zolimba. Koleji ya Kenan ndi yaing'ono, ndipo imasewera ndi anzake a msinkhu wake. Tsono akuluakulu ake akufuna kuchoka mu ligi imeneyi n'kulowa ya masukulu akuluakulu, ati dzina limveke.

Pali chimene ndinakubisirani. Chaka chatha anayeserera kusewera ndi sukulu ina ya mu ligi yaikuluyo. Anyamata ake, achimwene, ngati mafiriji oyenda. Mmodzi anamugunda Kenan mpaka anagwa chagada. Kuchipatala mwana anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa m'Chingerezi ngati ndawaonako amayi ake. Ine namwino, zaka zonsezi ndikusamala ana a eni, ndinakalira kubafa.

Lachiwiri la sabata yatha akuluakulu a koleji aja anaitanitsa msonkhano ku Indianapolis, kholo lililonse mphindi zitatu zoyankhula. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndinadraiva ndekha mpaka kumeneko, n'kukatenga Sophia, uja wa sitolo pa Lafayette Road. Ataitana dzina langa ndinaimirira n'kuyamba monga tinaleredwera: ulemu kwa a pampando, kwa aphunzitsi, kwa makochi, kwa abusa a pasukulu, kwa makolo anzanga. Ndili mkati mothokoza chifukwa cha mwayi woyankhula, belu ngwee! Nthawi yatha. Za mutu wa mwana wanga ndisanatchule ngakhale liwu limodzi.

A pampando, bambo Hamilton, anangomwetulira n'kuitana wotsatira. Sophia anandikoka siketi: "Ida, khala pansi iwe, utichititsa manyazi." Ndinati, "Ndisiye! Moni ndawapatsa, tsopano amve chimene ndabwerera." Anathimitsa maikolofoni. Koma abale, ine wa kwaya chiyambire utsikana, maikolofoni n'chiyani? Ndinawauza zonse za kuchipatala zija. Ndinawafunsa kuti mwa iwo ndani ali ndi mwana amene adzaime kutsogolo kwa mafirijiwo. Ndinati dzina la sukulu limveke, chabwino, koma mwana wanga asaiwale lake. Mlonda anabwera kudzandiperekeza panja, ndipo ndinamupatsa chikwama changa kuti anyamule.

Anavota ndithu, akusamukira ku ligi yaikuluyo chaka chamawa. Wina anandijambula pa foni, ndiye anzake a Kenan akumuseka. Sabata yatha tsopano sakuyankha foni yanga. Uthenga umodzi wokha ndi umene anatumiza, woti ndamuyalutsa ndipo ndikapepese kwa kochi. Kupepesa? Ine? Cholakwa changa n'chimodzi basi, ndinawataira moni anthu osadziwa moni.

Pempho langa nali. Inu ndinu malume ake, ndipo mawu anu amawaopa. Muimbireni. Sindikuti mumuletse mpira, wakula, ndipo amaukonda kuposa chakudya. Mumuuze kuti akadzagundidwanso mutu adzanene kwa dokotala, asadzabise poopa kukhala pa benchi. Ndikumudziwa, angabise. Anatengera ine.

Ligi yatsopanoyo masewera ake ndi akutali, ena ulendo wa tsiku lathunthu. Ndidzapita konse, andiyankhule asandiyankhule. Inu mukadzamuona pa TV muzidzawerenga zigoli. Ine ndizidzangoyang'ana ngati wadzuka.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwauze kuti tonse tili bwino, za mutuzi asamve. Ndikanakonda kulemba kuti Kenan akupereka moni, koma ndakunamizani kokwanira. Akadzayankha foni yanu, moni woyamba mumupatse wanga.

Ndine mlongo wanu,
Ida