Nyumba yathu ikumazima ndisanafike kuchitseko chomaliza

Aphungu,

Amuna anga anamwalira masabata asanu ndi awiri apitawo. Anali wojambula mapulani a nyumba, ndipo m'kompyuta yawo anasiyamo nyumba yathu, imene ngakhale maziko ake sitinakumbe. Anaijambula moti munthu umalowamo, kutsegula zitseko, kuona dzuwa litagona pansi pabalaza. Kuti zimenezi zitheke anagula khadi la zithunzi, lija limatumiza chithunzi pasikirini, koma logwiritsidwa kale ntchito. Ankaliseka kuti, "Iyi ndi nkhalamba inzanga, imatsokomola koma imafika."

Masana ndikaweruka kulaibulale kumene ndimagwira ntchito, ndimakhala pampando wawo n'kulowa m'nyumbamo. Ndimayenda pang'onopang'ono. Anandiikira mashelefu ofika kudenga, ndipo pawindo la kukhitchini pamaoneka mtengo wa mandimu umene sunabzalidwe paliponse. Nthawi zina ndimamva ngati ali m'chipinda chinacho, akusongola pensulo.

Koma pakangotha mphindi khumi, mafani a m'bokosi la kompyuta amayamba kulira ngati mphepo, sikirini n'kuda bii. Kompyuta imakhala ikuyakabe, chithunzi ndiye palibe. Ndikaizimitsa n'kudikira, nyumba imabweranso, kenako n'kuzimanso. Kumapeto kwa kanjira ka m'katimo kuli chitseko chimene sindinatsegulebe. Kuthamangirako ndingathe, koma mtima sulola kudumpha zipinda zinazo.

Bokosilo ndinalifunditsa juzi yawo yaubweya kuti fumbi lisalowe, ndipo sindiichotsa. Mlamu wanga, mng'ono wawo, anati, "Alamu, achimwene sankaonetsa munthu pulani yosatha. Ndi iwowo akukuzimitsirani." Tinaseka mpaka misozi inasintha njira. Iyeyo akufuna apite nayo kompyutayo kwa wokonza wina, amene akuti angofufuta zonse n'kuyamba mwatsopano. Ndikuopa kuti nyumbayo ipita ndisanaone chipindacho. Nditani?

A.N., m'tauni muno

Mayi A.N.,

Pepani kwambiri ndi zovutazi. Koma amuna anu musawanamizire, wolakwa ndi juziyo. Khadi la zithunzi limatentha likamajambula nyumba yotere, ndipo limapumira m'timabowo ta bokosi timene mwatseka. Likapsa mopitirira limadzizimitsa lokha kuti lisawonongeke. Juziyo ichotseni lero, muziivala inuyo.

Musanachite china chilichonse, koperani mafayilo onse a nyumbayo pa fulashi ziwiri, ina mukasunge kwa mlamu wanu. Kukopera sikutenthetsa khadi, choncho mphindi zanu khumi zikwana. Dziwaninso kuti nyumbayo siili m'khadimo, ili m'diski yosunga mafayilo. Khadi litafa mawa, nyumba idzakhalapobe.

Mukatero zimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, tsegulani m'mbali mwa bokosi. Fumbi la pamafani lichotseni ndi kaburashi kouma, madzi ayi. Kanikizani khadilo pang'ono kuti likhazikike bwino m'malo mwake, muonenso ngati nthambo yake ya magetsi ndi ija yopita kusikirini zagwira. Bokosilo likhale poyera, lisatsamire khoma. Ikazimabe, yesani nthambo ina ya sikirini. Zikakanika zonsezi, ndiye kuti phala lija amapaka m'kati mwa khadi kuti lizizizira linauma ndi ukalamba, ndipo kupakanso lina ndi ntchito yaing'ono kwa wokonza.

Chenjezo langa ndi ili: wokonza amene akuyamba ndi kufufuta asanaone n'komwe m'bokosi, musamupatse. Pezani wina, mupite naye limodzi mlamu wanu, ndipo munene nokha kuti diski isakhudzidwe.

Tsiku limene mudzafike pachitsekocho musadzakhale nokha. Mwina mudzapeza makoma anayi opanda kanthu. Zikadzatero musadzaganize kuti makina adya china chake. Pamenepo ndi pamene dzanja lawo linalekezera, ndipo musalole munthu aliyense kukumalizirani.

Aphungu